Mfiti ya Dzanja Lopsa

MUTU WACHISANU

1. Buku lopanda chikuto

Fortunate Mbewe anali ndi pakamwa pokoma, ndipo ankadziwa. Vuto linali pamenepo. Mwana wa pakamwa pokoma amene sadzidziwa savuta. Uyu ankadzidziwa.

Anali mu Giredi 9 pa sukulu ina m'tauni ya Chipata. Kwawo kunali ku Chiparamba, koma ankakhala ku Kapata ndi azakhali ake, a Zelipa, mkazi wa malemu malume ake a Israel Tembo. Maliro atatha, a Zelipa akanatha kumubweza mtsikanayu kumudzi. Sanali magazi awo. Koma sanamubweze. Ankakazinga vitumbuwa m'mbali mwa msewu, ndipo mafuta omwewo ndi amene ankamudyetsa Fortunate ndi kumugulira yunifomu.

Tsiku lina pa salaula, msika wa zovala zakale, pakati pa nsapato, Fortunate anapeza chibuku chachingerezi chonenepa, chopanda chikuto. Munali dziko la pamwamba pa mitambo, njoka zamapiko zolavula moto, mnyamata wa lupanga lowala, ndi mkazi wina wamatsenga amene bukulo linkamutchula kuti wizadi.

Nthawi ya buleki ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, n'kumawafotokozera anzake m'Chinyanja. Ana ankaiwala ndi kudya komwe. Belu likalira ankatukwana belu.

"Kodi wizadi ndi chiyani?" wina anafunsa.

"Munthu wamatsenga."

"Wabwino kapena woipa?"

"Khala chete umve," anatero Fortunate, atatukula chibwano ngati mwini dziko.

Amene ankakhala kutsogolo nthawi zonse anali Ben Tembo, msuweni wake, mwana wa malume ake ena, a Matiyasi. Ben sanawerengepo buku n'kulimaliza, koma ndiye anali woweruza wa pansi pa mango. Iye akaseka, onse ankaseka.

2. Njinga ya m'denga

A Sakala, mphunzitsi wa Chinyanja, analengeza kuti pa Tsiku la Makolo mwana mmodzi adzawerenga nkhani yolemba yekha. Lamulo linali limodzi: Chinyanja chokhachokha, liwu lachingerezi ayi.

Fortunate analemba za njinga.

Njinga ya malemu a Israel inali yopachika ndi waya m'denga la pabalaza, kuti matayala asaole. Lamlungu lililonse akabwera ku tchalitchi, a Zelipa ankakwera pampando n'kuipukuta ndi kansalu ka mafuta. Ankapukuta ndi dzanja lamanzere, lija linapsa ndi mafuta a vitumbuwa mpaka khungu kuyera mawangamawanga. Popukutapo ankayankhula nayo. A Zelipa sankayamba mawu osatsokomola kawiri, chibadwire.

"Khe khe. A Tembo, ufa wakweranso. Denga likudonthabe pakona paja munati mudzakonza. Mwana uja wakhoza masamu."

Fortunate analemba zimenezo momwe zinalili. A Sakala atawerenga anavula magalasi. Kenako anati, "Lachisanu la sabata ya mawa uwerenga ndiwe."

Mtsikana anathamangira pansi pa mango kukawerengera anzake. Atafika pakati, wina anayamba kutola timiyala. Wina anagona chagada.

"Ndiye njingayo iuluka liti?" anafunsa Ben.

"Siuluka."

"Moto mulibe? Wofa mulibe?"

"Wofa alimo. Ndi malume."

"Aja anafa kale. Ife tikufuna wofa watsopano."

Onse anaseka. Ankaseka maliro a mbale wa bambo ake a Ben, ndipo Ben ndiye ankatsogolera. Ana a sukulu mumaseka msanga, ndipo simufunsa kuti mukuseka chiyani.

"Ulaliki wa pamanda uwu," anatero Ben podzuka. "Tibwezere wizadi wathu."

Sabata isanathe Fortunate anali atalemba ina. Mitambo anatenga m'buku lija. Lupanga anatenga momwemo, njoka momwemo. Atafika pa wizadi anaima, poti liwu lachingerezi linali loletsedwa. Anafufuza m'mutu mwake liwu la kwathu, ndipo anapeza limodzi lokha. Analemba kuti mfiti.

Koma mfitiyo ioneke bwanji? Buku silinamuthandize. Anakweza maso. A Zelipa anali pakhomo akukanda ufa.

Choncho mfiti ya pamwamba pa mitambo inakhala ndi dzanja lamanzere lopsa. Inkatsokomola kawiri isanalodze. Mwamuna wake inamusandutsa hatchi yachitsulo n'kumupachika m'denga. Masana inkamudzoza mafuta n'kumamuuza mitengo ya ufa, anthu akagona inkamukwera kupita kukadya kumanda.

Pansi pa mango ana anakuwa mpaka ahedi anasuzumira pawindo. Ben anagubuduka m'fumbi.

"Iyi ndiye nkhani," anatero akupukuta misozi. "Ubwereze pa hatchi paja."

3. Chenjezo la a Sakala

Fortunate anapita nayo kwa a Sakala akumwetulira. Anawapempha kuti Lachisanu awerenge imeneyi m'malo mwa ya njinga. Iwo anawerenga mpaka pansi, n'kuitembenuza chafufumimba pa tebulo.

"Khala pansi, mwanawe," anatero. "Mabuku ngati lako lija ndikuwadziwa. Ndinalandapo lina m'kalasi, ndipo ndisakunamize, ndinaliwerenga mpaka tiyi kuzizira. Wolemba wake amadziwa kukoka munthu ndi mphuno. Limenelo ndi luso, sindikulinyoza, ndipo kuseka si tchimo. Koma kukoma n'kwina, kulemba bwino n'kwina. Nzimbe imakoma, koma ukatafuna umalavula. Tsegula tsamba lililonse m'bukumo. Wokwiya aliyense maso ake ayaka moto. Wabwino aliyense ndi wokongola, woipa aliyense ali ndi chilema. Ukalitseka, mwezi usanathe sukumbukira nkhope ya munthu ngakhale mmodzi. Nkhani yako ya njinga ilibe moto, koma ine chiiwerengereni, ndikaona denga lodontha ndimakumbukira mayi uja.

"Tsono tiye ku iyi. Mitambo si yako. Lupanga si lako, njoka si yako. Zonsezi wabwereka, ndipo wabwereka zotha kale ngati malaya a pa salaula. Chamoyo muno n'chimodzi chokha, mfitiyi. Dzanjali ndikuliona. Chifuwachi ndikuchimva. Pamenepa walemba bwino zedi, ndipo n'chimene chikundiopsa, chifukwa munthu ameneyu sunamupeke. Wamutenga pakhomo panu.

"Wizadi wa m'buku lako amakhala m'dziko limene kulibe. Palibe angakwere minibasi kukamugenda. Koma liwu lakuti mfiti kuno lili ndi miyendo. Ukalitulutsa limayenda mpaka lipeze khomo, ndipo khomo limene limakonda ndi la mkazi wamasiye."

"Koma ndi nthano chabe, Aphunzitsi. Anzanga aikonda."

"Anzako amakondanso ndewu ya pamsika. Akaonerera amapita kwawo kukadya, womenyedwa n'kutsala pansi. Lachisanu uwerenga ya njinga. Wandimva?"

"Ndamva, Aphunzitsi."

Anamva ndi makutu. Potuluka anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la yunifomu, osati m'dzala.

4. Mlendo wa Loweruka

Loweruka masana kunabwera a Matiyasi, mng'ono wa malemu. Anakana mpando. Anaima pakati pa balaza, maso akuyenda m'makoma, pa kabati, pa malata, ngati munthu wogula mbuzi.

"Nyumba ya mkulu wanga ikutha," anatero. "Alamu, simukuisamala."

"Khe khe. Bweretsani malata, alamu, ndiisamale."

"Kumudzi anthu akufunsabe. Imfa ija sitinaimvetse."

Anayang'ana njinga m'denga, n'kuseka pang'ono, n'kutuluka osatsanzika.

A Zelipa anaima pakhomo mpaka mlendoyo atakhota. Kenako anatembenukira kwa Fortunate, amene ankasenda anyezi.

"Khe khe. Wawamva malume ako? Ine sukulu ndinalekera Giredi 5, koma chinenero cha anthu ofuna nyumba ndimachimva bwinobwino. Akuti imfa sanaimvetse. Sanaimvetse pati? Munthu anadwala shuga zaka, ine ndikumusambitsa, ndikumutsukira zilonda, ndikumubereka kumsana ngati khanda. Iwo anali kuti? Anafika tsiku la maliro ndi ngolo, kudzaona mipando. Papepala nyumba ino ndi yanga, akudziwa. Ndiye atsala ndi njira imodzi, kundithamangitsa ndi liwu. Liwulo akulidziwa, koma akuopa kuyamba kulitchula okha, poti boma limamanga. Akudikira chitsiru china chiwatchulire.

"Kwathu kunali mayi wina dzina lake Ruth. Mwana wa eni ake anangoti walota mayiyo akumukwera. Kulota. Anamutenthera nyumba, mbuzi anagawana. Anakafera kwa mchemwali wake, akupempha mchere. Mwana wolota uja lero ndi mkulu wa mpingo, amavala tayi.

"Iwe werenga mabuku ako a njoka zouluka. Sindikuletsa. Ndimakumva ukuseka wekha kuchipinda ndipo nyumba imapepuka. Koma pakamwa pako uikepo mlonda. Pakhomo pano tatsala awiri, ndipo kunja kuli anthu akunola."

Fortunate anapitiriza kusenda anyezi, misozi ikutsika. Inali ya anyezi.

"Lachisanu sindikazinga," anawonjeza a Zelipa, mawu atafewa. "Ndibwera ndidzakumve. Aphunzitsi ako anandipeza pamsewu, akuti uli ndi mutu."

Pepala lija linali m'thumba la yunifomu, pa chingwe, kumbuyo kwawo. Mbaula inali ikuyaka pomwepo. Fortunate sanadzuke.

5. Tsiku la Makolo

M'holo munali motentha, anthu atapanikizana pa mabenchi. A Zelipa anakhala chakutsogolo atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, pamiyendo pali mbale yovundikira ya vitumbuwa zoti mwana adye akamaliza. Chakumbuyo, pafupi ndi chitseko, kunali a Matiyasi. Anabwera ngati kholo la Ben.

Kwaya inaimba. Ahedi anayankhula mpaka anthu kutopa. Kenako a Sakala anaitana Fortunate Mbewe.

Anaima pa maikolofoni n'kutambasula nkhani ya njinga.

"M'nyumba mwathu muli njinga imene siyenda," anayamba.

Maikolofoni inalira mluzu. Khanda linayamba kulira. Bambo wina anayankha foni mokweza, kukamba za feteleza. Fortunate anawerengabe, koma mawu ake ankagwera pansi ngati madzi pamchenga. A Zelipa okha ndi amene anatchera khutu, pakamwa pali pululu, atazindikira kuti ndi njinga ya a Tembo.

Ndiye Ben anayasamula, chiyasamulo chadala, chachitali ngati cha mvuu.

"Iuluke," wina anatero kumbali ya ana. Anzake anaseka.

Fortunate anasiya kuwerenga. Anayang'ana a Sakala. Anayang'ana azakhali ake. Anayang'ana ana aja a pansi pa mango, amene dzulo lomwe ankamunyamulira chikwama.

Musadzanene kuti sanadziwe. Anauzidwa kusukulu, anauzidwa kunyumba. Anapinda nkhani ya njinga n'kuiika m'thumba. Inayo sanafunike n'kuitulutsa komwe, inali pamtima.

"Kalekale, pamwamba pa mitambo, kunali mfiti ya dzanja lopsa."

Holo yonse inati zii. Bambo wa feteleza anadula foni. Ngakhale khanda linaleka.

A Sakala anadzuka, koma ahedi anawagwira jekete. "Musiyeni, a Sakala. Simukuona makolo agalamuka?"

Ndipo mwanayo anaikamba. Anaikamba ndi manja, ndi maso, ndi mapewa. Pa njoka yolavula moto anthu anangomwetulira, poti njoka yotere kuno kulibe. Pa lupanga anadikira. Koma atafika pa hatchi yachitsulo yopachika m'denga, pa mfiti ikuidzoza mafuta n'kumaiuza kuti ufa wakwera, amayi anagwirana m'mapewa ndi kuseka. Fortunate anapinda dzanja lamanzere, anawerama, n'kutsokomola pa maikolofoni.

"Khe khe."

Holo inagwedezeka. Iye anadikira kuti phokoso lithe, monga amachitira odziwa ntchito yawo. Kunabwera kabata kakang'ono.

M'kabata kameneko a Zelipa anafuna kunena kuti mwanawe leka. Koma pakhosi pa munthu sipadziwa nthano.

"Khe khe."

Mitu inatembenuka. A Zelipa anaona maso onsewo akutsikira pa mbale, pa dzanja limene linagwira mbaleyo. Analibisa msanga m'chitenje, ndipo kubisako ndi kumene kunamaliza zonse. Mayi amene anakhala nawo pafupi anakokera mwana wake kumbali ina. Pa benchi yothinana ija panapezeka malo.

Fortunate anaona. Anali atatsala ndi gawo la kumanda, gawo limene Ben ankalikonda. Analikamba.

Anthu anaomba m'manja mwamphamvu kuposa momwe anaombera kwaya. Onse ataleka, manja awiri anapitirizabe kumbuyo pafupi ndi chitseko, pang'onopang'ono, osafulumira. Anali a Matiyasi.

6. Loko watsopano

Mbale ya vitumbuwa inatsala pa benchi. Ana a sukulu amene amalimbirana chikonyo cha chimanga anaidutsa patali.

A Zelipa anayenda okha kubwerera ku Kapata dzuwa lili pamutu. Kumbuyo kwawo kunali kagulu ka ana a yunifomu, kakutsokomola kawirikawiri ngati nyimbo. Wina anaponya chibuma. Sichinawakhudze. Sanacheuke.

Fortunate anafika mochedwa, atazungulira njira yaitali. Anawapeza a Zelipa atakhala pabalaza, chitenje cha ku tchalitchi chikadali m'thupi. Anaima pakhomo kudikira ndodo. Ndodo ikanamupepuza.

"Khe khe. Lowa, ndi kwanu," anatero a Zelipa. "Aphunzitsi ako sananame. Uli ndi mutu. Za njoka zija sindinamve kanthu, zinali zopusa. Koma pa dzanja paja unalemba bwino. Ndinadziona."

"Azakhali, inali..."

"Ya poyamba ija inkathera pati? Ija unaisiya."

Fortunate anagwira thumba. Asanayankhe, kunja kunamveka mapazi. A Matiyasi analowa osaodira, pambuyo pawo pali amuna awiri a kumudzi. M'dzanja anali ndi loko watsopano, makiyi akadali pa waya wake.

A Matiyasi sanawayang'ane n'komwe a Zelipa. Anapita kwa Fortunate n'kumusisita pamutu.

"Mphwanga, lero watitsegula maso. Ife akuluakulu timangonong'ona, koma mwana wogona m'nyumba momwemo sanama. Mawa tikwera basi ya ku Chiparamba. Ukawafotokozere abale onse momwe wafotokozera lero. Usakasinthe ngakhale liwu limodzi."

"Malume, inali nthano chabe. Ndinatenga m'buku."

"M'buku?" A Matiyasi anakweza chala. "Nanga icho?"

Onse anayang'ana m'denga. Mphepo yolowera pakhomo inali itagwira njinga, ndipo gudumu lakutsogolo linkazungulira lokha pang'onopang'ono. Mmodzi wa amuna aja anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko.

"Alamu," anatero a Matiyasi, akuseweretsa loko, "ngati muli ndi mawu, nenani anthu awa amve."

A Zelipa anali nawo mawu, ambiri, okwanira kugwetsa malata. Koma kuti ayankhule anayenera kuyamba atsokomola. Amuna aja ankadikira, maso ali pakhosi pawo.

A Zelipa anagwira pakhosipo ndi dzanja lamanja, n'kuyang'ana Fortunate.